Cigar yaukali ndi buku la zaupandu pakhonde: malangizo a kuno ku Chigwa cha Shire

Malangizo ambiri a kasungidwe ndi kasutidwe ka cigar analembedwa ndi anthu a kumaiko ozizira, amene amadandaula ndi mpweya wouma wa m'nyumba zawo nthawi yachisanu. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje mavuto athu ndi ena. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mvula ikayamba chinyezi chimalowa mpaka m'sutikesi yotseka, ndipo dzuwa likangolowa udzudzu umayamba ntchito yake. Fodya amene anapindidwa mwaluso ku Nicaragua amawonongekera m'kabati ya ku Ngabu mwini wake asanamulawe, buku lachikuto chofewa n'kumayoyoka masamba chifukwa guluu wauma. Zonsezi zili ndi mankhwala ake, koma ndondomeko yake imayamba tsiku logula.

Ndineneretu kuti malangizowa ndi a munthu wamkulu amene amasuta kale. Cigar yaikulu imodzi ikhoza kukhala ndi fodya wochuluka ngati wa m'paketi yathunthu ya ndudu wamba, ndipo kusameza utsi sikuchotsa ngozi ya khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kum'mero. Malawi ali kale m'gulu la maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ngati simusuta, musayambe chifukwa cha nkhani ino. Tengani zokhudza mabukuzo, kapu ya tiyi ikukwanirani. Ngati mumasuta, cigar ikhale ya apo ndi apo.

Choyamba, dziwani chimene mukugula

Cigar yopinda pamanja ndi fodya yekhayekha, mulibe pepala kapena fyuluta. Muli masamba a m'kati, tsamba lowamanga pamodzi, ndi tsamba lakunja losalala lokutira zonsezo. Ukali umachokera makamaka m'masamba a m'kati. Aliyense amene anathyolako fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji amvetsa msanga: tsamba la kunsonga ndilo limawombedwa ndi dzuwa nthawi yaitali, limakhala lokhuthala, lamafuta, la nikotini wambiri. Opinda cigar ku Cuba amalitcha ligero. La pakati pa mtengo ndi seco, limene limapereka fungo, ndipo la m'munsi ndi volado, lopanda mphamvu koma loyaka bwino. Cigar yaukali ndi imene aikamo ligero wambiri, ndipo poti tsambali limachedwa kuyaka, amaliika pakati penipeni.

Musanyengedwe ndi kuda kwake. Cigar yakuda bii, yokutidwa ndi tsamba lotchedwa maduro, ambiri amaiopa, pamene kudako kumabwera chifukwa tsambalo analivundika pamulu nthawi yaitali mpaka litayamba kutsekemera. Ilipo ina yofiirira, yooneka yofatsa, imene ingakukhazikeni pansi. Funsani za masamba a m'kati ndi kumene anachokera. Fodya wa ku Estelí, m'dziko la Nicaragua, amadziwika ndi kuyabwa kwa tsabola pa lilime. Mayina ngati Padrón ndi Joya de Nicaragua Antaño ndi a kumeneko. Kwa a ku Cuba, amene fodya wawo wabwino koposa amalimidwa ku Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río, aukali odziwika ndi Partagás ndi Bolívar. Burley wathu amene amagulitsidwa ku okushoni ku Limbe ndi ku Kanengo ndi wa ntchito ina, wambiri amathera m'ndudu wamba.

Pa kukula kwake, kuno sankhani robusto. Ndi yotalika pafupifupi mainchesi 5, yonenepa bwino, ndipo imatha pakati pa mphindi 45 ndi ola limodzi. Churchill ya mainchesi 7 imafuna ola ndi theka kapena kupitirira, ndipo kukhala ndi ligero nthawi yonseyo m'kutentha kwa Bangula ndi kudziputira chizungulire.

Ambirife timadalira abale obwera kuchokera ku Johannesburg kapena amene adutsa pabwalo la ndege. Auzeni agule m'sitolo yeniyeni ya fodya, ndipo afunsiretu a MRA kuchuluka kumene munthu amaloledwa kulowa nako. Ma cigar abodza a ku Cuba ndi ambiri padziko lonse. Mukaona bokosi lolembedwa Cohiba la chivundikiro chagalasi, likugulitsidwa motchipa, dziwani kuti ndi labodza. Ikafika m'manja mwanu, ifinyeni pang'ono ndi zala ziwiri kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Yabwino imalowa pang'ono n'kubwerera. Yolira tswatswa yauma, ya malo ena olimba ngati fundo idzakuvutani kukoka.

Potsika nayo zitunda kuchokera ku Blantyre kudzera pa Thabwa, ikhale m'kachubu kapena m'kontena yolimba, pakati pa zovala m'chikwama. M'thumba la malaya m'minibasi imathyoka, ndipo pa dashibodi ya galimoto imaphikika.

Chachiwiri, iphani tizilombo musanasunge

Sitepe iyi anthu a kumaiko ozizira amatha kuidumpha, ife ayi. Fodya ali ndi kachilombo kake, kakang'ono kofiirira, kamene kamachita pa cigar zimene nankafumbwe amachita m'thumba la chimanga. Mazira ake amatha kubwera ali kale m'masamba, ndipo amaswa kutentha kukapitirira madigiri 22 kapena 23. Kuno ngakhale usiku timakhala pamwamba pa madigiri amenewo miyezi yambiri ya chaka. Chizindikiro chake ndi kabowo kozungulira kokwana nsonga ya singano pa tsamba lakunja, ndi kafumbi kofiirira pansi pa kontena. Mukakaona, yoboolayo itayeni kutali, zotsalazo zipite mufiriza tsiku lomwelo.

Musadikire kuona bowo. Ma cigar akangofika, aikeni m'kajumbo kotseka ndi zipi, mutulutse mpweya wonse, kenako kajumboko mukalowetse m'kena. Ziwirizo n'zofunika chifukwa firiza ya kuno sikusowa mlamba kapena nyama ya mbuzi, ndipo fodya amayamwa fungo lililonse. Tsiku loyamba akhale mufiriji, mbali yongoziziritsa. Kenako masiku atatu kapena anayi mufiriza youmitsa madzi. Magetsi akamathimathima wonjezerani mpaka sabata, ndipo muwakwirire pakati pa zinthu zouma kale kuti kuzizira kusathawe. Pomaliza abwezereni mufiriji tsiku lina limodzi musanawatulutse kunja. Kuchoka mu ayezi n'kulowa m'kutentha kwa Nchalo nthawi imodzi kumang'amba tsamba lakunja.

Firiji si malo osungira kwa nthawi yaitali. Mpweya wake ndi wouma kwambiri.

Chachitatu, konzani posungira

Simukufunika bokosi lodula la matabwa. Kontena yapulasitiki yatsopano, ya chivundikiro chokhala ndi labala, imene sinalowemo ndiwo, imagwira ntchito bwino kuposa bokosi lotayikira mpweya. Itsukeni, muiyanike pamthunzi mpaka fungo la pulasitiki litatha.

M'katimo mukufuna chinyezi cha pafupifupi 65 peresenti. Mabuku ambiri amati 70, koma ligero ndi tsamba lamafuta limene limayaka bwino likauma pang'ono, komanso 70 ikakumana ndi kutentha kwathu imaitana chuku. Njira yosavuta ndi timapaketi ta Boveda tolembedwa 65, timene timatulutsa chinyezi kukauma n'kuchiyamwa chikachuluka. Wobweretsa fodyayo abweretsenso timeneti. Popanda timeneto, dulani kachidutswa ka siponji yatsopano, mukanyowetse, mukafinye mpaka kasamadonthe, mukaike m'kachivundikiro ka botolo pakona, kosakhudza fodya. Madzi ake akhale osungunula aja otchedwa distilled, amene amagulitsidwa othira m'batire ya galimoto, koma werengani bwino botolo kuti si asidi. Madzi a m'mijigo yambiri ya kuno ndi amchere, ndipo mcherewo umatsalira m'siponji.

Kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, n'kotchipa koma kamanama. Kayeseni chonchi: dzazani mchere m'kachivundikiro ka botolo, dontheziranimo madzi mpaka unyowe osasungunuka, muike pamodzi ndi kachipangizoko m'kajumbo kotseka usiku wonse. M'mawa kayenera kuonetsa 75. Kakaonetsa 71, dziwani kuti nthawi zonse muziwonjezera 4 pa zimene kakunena.

Kutentha ndiye nkhondo yaikulu. Kontenayo ikhale pansi pa simenti, m'chipinda cha pakati pa nyumba, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa lamadzulo komanso kutali ndi malata. M'miyezi ya chilimwe mbiya zimathandiza. Lowetsani mbiya yaing'ono m'yaikulu, pakati pake muthire mchenga wonyowa, kontena yotseka bwino ilowe m'yaing'onoyo, pamwamba muphimbe ndi nsalu yonyowa, zonsezo pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma m'mchengamo amachotsa kutentha, monga mmene mtsuko umaziziritsira madzi akumwa. Mvula ikayamba njirayi imafooka chifukwa mpweya wadzaza kale madzi, ndipo nthawi imeneyo chotsaninso siponji ija m'kontena. Tsegulani kamodzi pa sabata, muyang'ane, mununkhize. Koma kunena zoona, chitetezo chachikulu kuno n'kugula zochepa, zimene mungamalize m'miyezi iwiri kapena itatu. Zosunga fodya zaka zisanu kuti akhwime tisiyire a ku Dedza.

Chachinayi, buku

Mabuku a zaupandu sali mtundu umodzi, ndipo si onse amene amagwirizana ndi cigar. Alipo ofunsa kuti wapha ndani: munthu wafa, okayikiridwa ndi ochepa, onse ali m'nyumba imodzi kapena mudzi umodzi, ndipo wofufuza amawafunsa mmodzimmodzi. Alipo otsata apolisi pa ntchito yawo, ndi mafaelo, malipoti a dokotala woyeza mitembo, ndi mabwana osamva. Ndiye alipo othamanga aja, a mitu ifupiifupi, amene chigawenga mumachidziwa kale ndipo funso n'lakuti achigwira nthawi isanathe kapena ayi. Mitundu iwiri yoyambayo imayenda pa liwiro la cigar. Wachitatuwo umakufulumizitsani kupuma, ndipo za vuto limeneli tikamba kutsogoloku.

Ambiri timawapeza kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Limbe. Pamilu imeneyo sipasowa James Hadley Chase, ndipo mwamwayi mumapezanso timabuku ta Pacesetters timene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, tolembedwa ndi anthu a mu Africa muno, timene achikulire ambiri anawerengera pansi pa desiki ku sekondale. Mukapeza olemba a ku South Africa, Botswana kapena Kenya, tengani. Misewu yafumbi, maloboti osayaka ndi wapolisi wosowa mafuta a galimoto simufunika kufotokozeredwa. Amene ali ndi foni yabwino, mabuku akale kwambiri a ofufuza milandu amapezeka mwaulere pa Project Gutenberg, ngakhale kuwala kwa foni usiku kumaitana tizilombo tonse ta m'dambo kubwera pankhope panu.

Musanapereke ndalama, tsegulani kumapeto, osawerenga, mungoona ngati tsamba lomaliza lilipo. Masamba omaliza a mabuku akale amathera popindira chingambwe ndi kukulungira mtedza, ndipo buku la zaupandu lopanda masamba asanu omaliza ndi chilango. Onaninso manambala a pakati ngati akutsatana, mununkhize ngati mulibe chuku.

Kunyumba, mabuku akhale pa shelefu yokwera, yosagunda khoma, chifukwa chiswe chimadya buku kuchokera kumbuyo inu mukuona chikuto chili bwinobwino. Amene anaona madzi a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa za kukweza zinthu. Nthawi ya dzinja, ndowa yapulasitiki yachivundikiro imasunga bwino, bola mabukuwo alowemo ali ouma. Msana wa buku ukayamba kumasuka, pakani guluu woyera wa akalipentala, mulitsindike ndi njerwa usiku umodzi.

Chachisanu, nthawi ndi malo

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, pamene madzulo kumazizira. M'chilimwe dikirani mpaka usiku utakhazikika, nthaka itatulutsa kutentha kwake.

Idyani kaye, ndipo mudye zenizeni, nsima ndi ndiwo zake. Ligero pamimba yopanda kanthu sakhululuka. Pafupi panu pakhale madzi ambiri, tiyi wakuda wa ku Thyolo kapena khofi, ndi timapisi ta nzimbe tosenda kale m'mbale. Zakumwa zowawasa ngati bwemba ndi malambe zimapha kukoma kwa fodya. Kachasu ndi mowa wina waukali ndimautsutsa pa chifukwa china: mowa, nikotini ndi kutentha zikakumana thupi limauma msanga, ndipo pofika tsamba la makumi awiri simukumbukiranso kuti wamwalira uja anali ndani.

Khalani pakhonde kapena pabwalo, kumene utsi sulowa m'nyumba, kutali ndi ana ndi mayi woyembekezera. Apongozi akatulukira pangodya, ikani pansi, bukulo lidikira. Yang'anani pamwamba ndi m'mbali: denga laudzu, thonje losungidwa pakhonde, mapesi, kapena munda wa nzimbe wouma masamba si malo a moto.

Udzudzu musauderere. Utsi wa cigar suteteza malungo. Valani thalauza ndi malaya aatali manja, mupake mankhwala othamangitsa udzudzu m'mapazi ndi m'khosi, kenako musambe m'manja ndi sopo kuti fungo lake lisapite pa fodya. Koyilo muiike pansi, patali, kumene mphepo ikupita, apo ayi mudzalawa koyilo yokhayokha. Kusutira m'neti n'koletsedwa kotheratu, neti imagwira moto m'kuphethira kwa diso. Nyale ya sola ikhale kumbuyo kwa phewa lanu, yokwera pang'ono, kuti kuwala kugwe patsamba ndipo tizilombo tizungulire kumeneko.

Chachisanu ndi chimodzi, kudula ndi kuyatsa

Kumutu kwa cigar kuli kachipewa ka tsamba komata. Dulani mamilimita awiri kapena atatu okha, pamwamba pa mzere wa kachipewako. Mukadula mozama tsamba lakunja limayamba kumasuka. Popanda chodulira chake, lezala latsopano limakwana: lizungulitseni pang'onopang'ono, musakanikize. Kokani kamodzi isanayake. Mpweya uyenera kubwera movutirako pang'ono, koma osachita kulimbana nawo.

Yatsani ndi laita ya gasi kapena machesi, ndipo machesiwo mudikire mutu wake uthe kaye kuyaka. Kandulo, koloboyi ndi laita ya petulo zimasiya fungo lake mu fodya mpaka kumapeto. Gwirani cigar m'manja, phazi lake pamwamba pa lawi osaligunda, muzungulitse mpaka mkombero wonse utada. Mukatero ikani pakamwa, kokani pang'onopang'ono kawiri kapena katatu uku mukuzungulitsa. Uzirani kuphaziko muone ngati ponse pafiira. Utsi ukhale m'kamwa kamphindi, muutulutse. Sumezedwa.

Mnzanu woyandikana naye nyumba akabwera n'kunena kuti, "Achimwene, tilaweko kamodzi," monga timachitira ndi ndudu wamba, mukaneni mwaulemu kapena mumupatse yakeyake. Cigar siyenda pakamwa pawiri, ndipo munthu wozolowera ndudu amakokera m'chifuwa mosaganiza, mapeto ake mukhala mukumupepesa akutsokomola.

Chachisanu ndi chiwiri, liwiro

Apa ndi pamene zosangalatsa ziwirizi zimakangana. Buku la zaupandu linalembedwa kuti likuthamangitseni. Cigar yaukali imafuna kuchedwa. Nkhani ikafika pokoma, dzanja limapita pakamwa lokha, mumakoka kasanu pa mphindi imodzi osadziwa, moto umakula, fodya amayamba kuwawa, nikotini n'kukulowani yense nthawi imodzi.

Lamulo langa ndi ili: tsamba limodzi, kukoka kumodzi. Munthu wowerenga Chingerezi mosathamanga amatha mphindi imodzi kapena ziwiri pa tsamba, ndipo cigar imafuna kukokedwa pafupifupi kamodzi pa mphindi. Choncho cigar isakhale pakamwa kapena m'zala mukamawerenga. Igone pa mbale yadothi kapena sosala, kumbali ya dzanja limene silikugwira buku. Mukatembenuza tsamba, itoleni, kokani, ibwezereni. Pa robusto imodzi muwerenga masamba makumi atatu kapena anayi.

Phulusa musaligwedze pafupipafupi. Likatalika masentimita awiri kapena atatu limateteza moto ku mphepo ndipo utsi umazizirako. Likayamba kuonetsa mng'alu, ligonekeni pa mbale lidzigwera lokha, lisanagwere pakati pa buku la eni. Mwera ukamawomba, cigar imapsa mbali imodzi. Perekani msana ku mphepo, ndipo mbali yotsalirayo muiwaule pang'ono ndi laita. Ikazima chifukwa mutu wina unakugwirani, palibe chalakwika. Gwedezani phulusa, uzirani kamodzi kudzera m'kati kuti utsi wakale utuluke, muyatsenso. Yogona mpaka mawa ndiye ayi, imanunkha.

Kukoma kumasintha pamene ikupsa. Poyamba pamabwera tsabola, pakati pamafatsa n'kumveka za khofi, nthaka kapena chikopa, ndipo kumapeto mphamvu zonse zimasonkhana. N'chifukwa chake ndimati cigar igwirizane ndi chiyambi kapena pakati pa buku, pamene wolemba akudziwitsa anthu ake ndi kutchera misampha. Masamba makumi asanu omaliza awerengeni tsiku lopanda fodya. Palibe amene angasunge lamulo la tsamba limodzi pamene wakupha ali kuseri kwa chitseko.

Chachisanu ndi chitatu, werengani ngati wofufuza

Ikani kapepala m'bukumo ndi pensulo. Dzina lililonse latsopano lilembeni, ndi mawu awiri okukumbutsani kuti ndi ndani. Mayina achilendo amasokoneza, makamaka a m'mabuku a ku Sweden ndi Norway, ndipo wolemba wochenjera amabisa wakupha mwa munthu amene anangodutsa pa tsamba 30 atanyamula thireyi. Kuseri kwa kapepalako lembani nthawi: anaonedwa komaliza liti, anapezeka liti, ndani akuti anali kuti. Mabodza ambiri m'mabukuwa amagwidwa pa nthawi.

Mtundu wofunsa kuti wapha ndani uli ndi malamulo ake. Mu 1929 wansembe wa Chikatolika wa ku England, Ronald Knox, amene ankalembanso nkhani zotere, anandandalika malamulo khumi. Awiri mwa iwo ndi othandiza kwa wowerenga aliyense: wolakwa ayenera kukhala munthu amene watchulidwa koyambirira kwa nkhani, ndipo zamizimu kapena zamatsenga siziloledwa kukhala yankho. Lachiwirili limakoma mwapadera kuno kwathu, kumene munthu akagwidwa ndi ng'ona pa Shire sipachedwa kumveka kuti ng'onayo inachita kutumidwa. M'buku lotere, chitseko chikapezeka chokhoma m'kati mtembo uli momwemo, pali munthu amene anachita ndi manja ake, ndipo zokuthandizani kumupeza zili m'masamba amene mwawerenga kale.

Pali chinthu chimodzi chimene wowerenga wa ku Chigwa amaposa nacho wa ku London, ndicho kudziwa zimene kutentha kumachita. M'mabuku a kumaiko ozizira dokotala amayeza kutentha kwa mtembo n'kunena nthawi imene munthu anafa, chifukwa thupi limachoka pa madigiri 37 n'kumazizira pafupifupi digiri imodzi pa ola. Kuuma kwa thupi kumayamba patapita maola ochepa, kumakwanira pafupifupi pa maola 12, n'kudzatha patapita tsiku ndi theka kapena awiri. Masamu onsewo amadalira nyengo. Masana a Novembala ku Nsanje, kunja kukutentha kuposa thupi la munthu, mtembo sungazizire, ndipo zina zonse zimathamanga. Tonse tikudziwa chifukwa chake maliro kuno sachedwetsedwa. Ndiye mukamawerenga, tcherani khutu ku nyengo. Wolemba akatchula mongodutsa kuti mbaula yotenthetsera chipinda inasiyidwa yoyaka, kapena zenera linali lotsegula usiku wachisanu, lembani pa kapepala kaja. Wina akufuna kusokoneza nthawi ya imfa.

Mukafika pakati pa buku, imani, mulembe dzina la amene mukumuganizira ndi chifukwa chake, mupinde kapepalako. Kulemba chifukwa n'kofunika, poti kungoloza munthu aliyense angathe.

Kachenjezo kakang'ono: malamulo a m'mabuku a ku America amagwira ntchito ku America komweko. Kwathu kuno Malamulo oyendetsera dziko amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo milandu yakupha imazengedwa ku High Court. Zina zonse zimene mwaphunzira kwa maloya a m'mabuku musakaziyesere pa kauntala ya polisi.

Ukali ukakupitirirani, ndi pomaliza

Zizindikiro zake ndi chizungulire, nseru, malovu ambiri, mtima kuthamanga ndi thukuta lozizira. Vuto la kuno n'lakuti thukuta timakhala nalo kale, ndiye chizindikiro chimenechi chimadutsa osachiona. Mukangomva mutu kupepuka kapena mizere ya m'buku kuyamba kuvina, ikani cigar pansi, musaimirire msanga, imwani madzi, tafunani nzimbe zija kapena supuni ya shuga. Nthawi zambiri zimatha pakapita kanthawi. Chifuwa chikamapweteka, kapena zikapanda kusintha, pitani kuchipatala. Amene ali ndi BP kapena vuto la mtima, ma cigar aukali si awo.

Simukakamizidwa kuimaliza. Ikatsala zala ziwiri kapena zitatu, kapena ikayamba kutentha milomo, yatha. Musaitswanye pa mbale ngati ndudu, imatulutsa fungo loipa. Isiyeni izime yokha. Kenako thirani madzi pa chotsalacho, muchitaye m'chimbudzi chokumba kapena muchikwirire, chifukwa mwana wokwawa, galu kapena nkhuku zikachidya ndi poizoni. Tsukani m'kamwa, ndipo kamodzi pa mwezi yang'anani pagalasi lilime, nkhama ndi m'masaya. Chilonda kapena banga loyera limene latha masabata awiri kapena atatu osapola likaonedwe ndi dokotala.

Buku limene lakhala pa utsi limanunkha, ndipo si onse amakondwa nalo. Ngati ndi lobwereka, liyanikeni pamthunzi lili chotsegula tsiku limodzi musanabweze. Ngati ndi lanu ndipo mukubwereketsa mnzanu wa ku Makhanga kapena ku Chapananga, lembani dzina lake ndi tsiku m'kope, chifukwa mabuku otere akawoloka mtsinje sabwerera okha. Musanamupatse, chotsanimo kapepala kanu kaja ka mayina a okayikiridwa.